Lo29, UTM kapena manambala a pafoni: poyeza malo ku Johannesburg tisankhe ziti?

Malo amodzi omwewo pakati pa mzinda wa Johannesburg atha kulembedwa m'njira zinayi, manambala ake osafanana n'komwe. Tatenga malo amene ali pa 26°12'00" kum'mwera ndi 28°03'00" kum'mawa, ndipo manambala a mamita tawadulira pa 10 wapafupi:

Pafoni: -26.20000, 28.05000
Lo29: Y +94 950, X +2 899 340
Lo27: Y -104 950, X +2 899 420
UTM zoni 35 ya kum'mwera: E 604 910, N 7 101 740

Onsewa ndi oona ndipo akuloza pamodzimodzi. Chimene chimapweteketsa anthu n'chakuti pepala likamafika kwa kapitawo nthawi zambiri limakhala la manambala okhaokha, mutu wake wonena njira imene yagwiritsidwa ntchito utadulidwa pojambula ndi foni. Abale athu ambiri kuno amakumana ndi mapepala otere: ogwirira asaveya ndodo, okhoma zikhomo za maziko, okumba ngalande za zingwe za intaneti, oboola mijigo, ophunzira za mapu. Ena anazolowera UTM kumudzi, ndiye amadabwa kuona kuti kuno X akukula kulowera kum'mwera. Tiziyerekeza njirazi potengera ntchito imene ili m'manja mwanu.

Latitude ndi longitude

Foni iliyonse imapereka izi, pa datum (poyambira kuwerenga manambala a malo) yotchedwa WGS84. Ubwino wake ndi woti munthu aliyense, kaya ali ku Mzuzu kaya ku Germiston, akazilemba mu Google Maps malowo atulukira popanda kufunsa za zoni. Potumiza dalaivala wa mchenga, poitana ambulansi, polemba pamene pali mjigo, musadzivutitse ndi zina.

Koma manambalawa ndi ngodya, si mamita. Digiri imodzi ya latitude ndi pafupifupi makilomita 111 kulikonse, pamene ya longitude imafupika mukamatalikira ikweta: ku Lilongwe ndi makilomita 108, kuno ndi 100. Sekondi imodzi kuno ndi mamita 31 kulowera kum'mwera ndi mamita 28 kulowera kum'mawa. Choncho simungangochotsera nambala ina ku inzake n'kutenga tepi kukayeza.

Kalembedwe kakenso kamasokoneza. 26°12' ndi madigiri 26 ndi mphindi 12, ndipo poti digiri ili ndi mphindi 60, pafoni ndi 26.20. Wolemba 26.12 walumphira kumpoto ndi makilomita pafupifupi 9, ndipo amene amayembekezeka m'tauni akaima cha ku Hyde Park. Woiwala chizindikiro cha - kutsogolo kwa latitude watumiza mnzake kuchipululu cha ku Egypt. Manambala asanu pambuyo pa kadontho amakufikitsani pa mita imodzi. Kuwonjezera ena n'kungodzinamiza, chifukwa foni pabwalo poyera imaphonya ndi mamita 3 mpaka 5, ndipo pakati pa nyumba zazitali za ku Hillbrow kapena Braamfontein imaphonya kuposa pamenepo.

Gridi ya Lo

Iyi ndiyo gridi ya boma la South Africa, kutanthauza mizere ya pamapu yowerengera malo m'mamita. Mapulani a mapuloti a ku ofesi ya Surveyor-General, mabikoni a boma (zizindikiro zokhazikika zoyezerapo malo), zojambula zambiri za misewu ndi mapaipi, zonse zimayendera imeneyi. Oisunga ndi ofesi ya National Geo-spatial Information, mwachidule NGI, ya ku Mowbray mumzinda wa Cape Town.

Maganizo ake ndi osavuta. Dziko ndi lozungulira, pepala ndi lafulati. Mukakuta mtsuko ndi chitenje chathunthu chimachita makwinya, koma kansalu kowonda kamagona bwinobwino. Ndiye dzikoli analidula m'zigawo zowonda zotsika kuchokera kumpoto kupita kum'mwera, chilichonse madigiri 2 m'lifupi. Mzere wapakati wa chigawo chilichonse ndi longitude ya nambala yosagawika ndi 2, kuyambira 17 kumadzulo, kenako 19, 21, mpaka 33 kum'mawa. Lo29 ndi chigawo choyambira pa 28° kulekeza pa 30°, Lo27 choyambira pa 26° kulekeza pa 28°. Masamu oyalira chigawo papepala amatchedwa Gauss Conform, omwe ndi mtundu wa Transverse Mercator. Pamzere wapakati penipeni, mita ya pagridi ndi mita yeniyeni, popanda kuchepetsa kapena kuwonjezera.

Manambala ake ndi awiri, ndipo Y ndiye amayamba kulembedwa. Y ndi mtunda kuchokera pamzere wapakati: + ngati muli kumadzulo kwa mzerewo, - ngati muli kum'mawa. X ndi mtunda kuchokera pa ikweta kutsika kum'mwera, ndipo m'dziko muno amakhala wa + nthawi zonse. Ndiye Y +94 950 pa Lo29 akunena kuti muli makilomita pafupifupi 95 kumadzulo kwa longitude 29°, ndipo X +2 899 340 akunena kuti mwatsika makilomita 2 899 kuchokera pa ikweta. Palibe nambala yongowonjezerapo monga amachitira pa UTM.

Mtunda wa pakati pa zikhomo ziwiri umapezeka ndi masamu a kusukulu aja a Pythagoras. Ngati Y akusiyana ndi mamita 30 ndipo X ndi mamita 40, zikhomozo zatalikirana mamita 50. Ichi n'chimene latitude ndi longitude sizingakupatseni mwachangu.

Pali zinthu zitatu zimene gridi imeneyi imachita mosiyana ndi zimene ambiri tinaphunzira.

Choyamba ndi koyang'ana. Ngodya za pamapulani a kuno zimawerengedwa kuyambira kum'mwera: 0° ndi kum'mwera, 90° kumadzulo, 180° kumpoto, 270° kum'mawa. Makina oyezera amene atcheredwa kuti 0° ndi kumpoto amakhometsa zikhomo kumbali yolakwika ya bikoni, mtunda uli wolondola ndithu.

Chachiwiri ndi nambala imene amaipatula, yolembedwa kuti constant pamwamba pa ndandanda. Pofuna kuti manambala asatalike, pulani itha kulemba pamutu kuti X +2 800 000,00, kenako m'munsi n'kumangolemba 99 340,12. X weniweni ndi ziwirizo kuphatikiza. Mutuwo ukadulidwa, wolowetsa manambala mu kompyuta amapeza puloti yake ili makilomita 99 kuchokera pa ikweta. Onaninso kuti mapepala a kuno amaika koma pamene ife timaika kadontho, ndipo Excel yotcheredwa mwanjira ina imawerenga 99 340,12 ngati mawu, osati nambala.

Chachitatu chimaonekera mu AutoCAD ndi mapulogalamu ena ojambulira, amene amayembekezera nambala yoyamba kukula kulowera kum'mawa ndipo yachiwiri kulowera kumpoto. Mukalowetsa Y m'malo oyamba ndi X m'malo achiwiri osasintha zizindikiro, chojambula chimatuluka chozondoka, kum'mwera kuli pamwamba. Mukalowetsa X mu kabokosi kolembedwa x ndi Y mu kolembedwa y, chimatuluka chotembenuka, chakumanja chili kumanzere. Choopsa n'chakuti mitunda yonse imakhalabe yolondola, ndiye woyang'ana mothamanga sazindikira kanthu. Njira yake ndi kutembenuza zizindikiro zonse ziwiri: nambala ya kum'mawa ikhale -Y, ya kumpoto ikhale -X. Malo athu aja amalowa ngati -94 950 ndi -2 899 340. Potulutsa manambala opita kwa saveya, zizindikirozo muzibwezeretse, ndipo mulembe kuti mwabwezeretsa.

Tsopano nkhani ya Johannesburg yeniyeni. Longitude 28°, malire a Lo27 ndi Lo29, imadutsa mumzinda muno, cha ku Randburg. Soweto, Roodepoort, Lenasia ndi Krugersdorp zili mu Lo27. M'tauni, Sandton, Alexandra, Germiston ndi bwalo la ndege la OR Tambo zili mu Lo29. Kampani imodzi itha kugwira ntchito m'mawa mu chigawo china, masana mu china. Nambala ya Lo29 ikawerengedwa ngati ya Lo27, malowo amasamukira makilomita 200 kumadzulo, cha ku Lichtenburg. Chizindikiro cha Y chikatembenuka, amasamukira makilomita 190 kum'mawa, ku Mpumalanga, kupitirira eMalahleni. Zolakwika zazikulu chonchi zili ndi ubwino wake, zimaonekera msanga.

Chimene sichioneka msanga ndi kuyesa kusintha chigawo ndi masamu a m'mutu. Wina amaona kuti Y wa Lo27 ndi wa Lo29 akusiyana ndi pafupifupi 199 900, ndiye amangochotsera nambala imeneyo pa zikhomo zonse. Sizitheka. Onani pamndandanda uja kuti X nayenso wasintha ndi mamita pafupifupi 80. Komanso kumpoto kwa gridi ya Lo27 ndi kumpoto kwa ya Lo29 zimapatukana kuno ndi pafupifupi digiri 0.9, imene pa mpanda wa mamita 100 imapotoza mapeto ndi mita ndi theka. Kusintha koyenera kumadutsira pa latitude ndi longitude, ndipo pulogalamu ndiyo ichite. Msewu kapena paipi yodutsa malirewo isankhiridwe chigawo chimodzi kuyambira pachiyambi. Kupitirira malire ndi makilomita ochepa sikuwononga masamu, bola onse pantchitopo agwirizane.

Cape Datum ndi Hartebeesthoek94: mamita 300 obisika

Datum ndi poyambira kuwerenga: kukula ndi kaumbidwe ka dziko kamene masamu akugwiritsa ntchito, ndi malo amene kamangiriridwa. Mpaka kumapeto kwa 1998, South Africa inkayendera Cape Datum, yogwiritsa ntchito muyeso wa dziko wa Clarke 1880, yomangiriridwa pa bikoni ya Buffelsfontein pafupi ndi Port Elizabeth, mzinda umene pano ukutchedwa Gqeberha. Kuyambira pa 1 January 1999, datum ya boma ndi Hartebeesthoek94. Muyeso wake wa dziko ndi wa WGS84, ndipo inamangiriridwa pa malo oonera zakumwamba a Hartebeesthoek, kumpoto chakumadzulo kwa Johannesburg, monga malowo analili kumayambiriro kwa 1994.

Zigawo sizinasinthe, zizindikiro sizinasinthe, manambala amaoneka ofanana. Koma bikoni imodzi yomweyo X wake pa datum yatsopano ndi wokulirapo ndi mamita pafupifupi 300, ndipo Y amasiyana ndi mamita makumi angapo. Mamita 300 mu Soweto ndi misewu ingapo. Mufika dera lolondola, muona nyumba ndi mipanda zooneka ngati za papulani, n'kuyamba kukumba pakhomo la eni.

Pofuna kusiyanitsa, asaveya ambiri amalemba WG29 akamanena chigawo 29 pa datum yatsopano, n'kusiya Lo29 kukhala ya Cape Datum. Koma si onse amatero, ndipo mu QGIS, pulogalamu ya mapu ya pa kompyuta, datum yatsopanoyo dzina lake ndi Hartebeesthoek94 / Lo29. Ndiye pepala longolemba Lo29 silinanene zonse, funsani. Pa kompyuta ndi bwino kuyendera manambala a EPSG, ozindikiritsa gridi iliyonse pamodzi ndi datum yake, amene sasokonezeka: 2053 ndi Lo29 ya Hartebeesthoek94, 2052 ndi Lo27 yake, pamene 22289 ndi 22287 ndi zigawo zomwezo pa Cape Datum.

Kusamutsa manambala akale kupita ku datum yatsopano ndi pulogalamu wamba kumakufikitsani pa mamita ochepa, osati pa sentimita. Pulogalamuyo imasuntha dziko lonse ndi manambala atatu omwewo, pamene mabikoni akale anali ndi zophonya zosiyana dera ndi dera. Pantchito ya malire, saveya amayeza mabikoni angapo a m'deralo amene ali ndi manambala pa madatum onse awiri, n'kupeza kusintha kogwirizana ndi pamalopo.

Mapulani akale kwambiri ali ndi msampha winanso: miyeso yake si mamita. Phazi la Cape ndi mamita 0.3149, pamene phazi lachingelezi limene tinazolowera ndi 0.3048. Pa mapazi 100 kusiyanako ndi mita yathunthu. N'chifukwa chake mapuloti ambiri m'madera akale a mzinda uno ndi masikweya mita 495 kapena 496: anadulidwa mapazi a Cape 50 m'lifupi ndi 100 m'litali.

UTM

Ku Malawi mapu a boma ali pa UTM (Universal Transverse Mercator, gridi ya dziko lonse lapansi) zoni 36, ndipo dziko lonse, kuyambira Chitipa mpaka Nsanje, limakwana mu zoni imodziyo. Masamu ake ndi a banja limodzi ndi Lo, koma zigawo ndi zotakata: madigiri 6, zoni 60 kuzungulira dziko lapansi. Johannesburg ili mu zoni 35, yoyambira pa 24° kulekeza pa 30°, mzere wapakati uli pa 27°. Manambala amakula kulowera kum'mawa ndi kumpoto monga aliyense amayembekezera, ndipo palibe wa -, chifukwa mzere wapakati anaupatsa 500 000 ndipo ikweta, kwa ife a kum'mwera, anaipatsa 10 000 000. E 604 910 ndiye kuti makilomita pafupifupi 105 kum'mawa kwa longitude 27°.

Phindu lake kuno ndi lalikulu: Gauteng yonse ili mu zoni imodzi, mzere wovuta uja wa 28° kulibe. GPS yam'manja iliyonse ndi pulogalamu iliyonse imaidziwa, pa EPSG 32735. Wolemba mapu a mijigo, mitengo ya magetsi, zipatala kapena njira za galimoto m'chigawo chonse, amene kuphonya kwa theka la mita sikumuvulaza, apeza mtendere pa UTM kuposa pa Lo.

Pali zosamala ziwiri. GPS yam'manja imalemba 35J, osati 35S, ndipo sinalakwe. Chilembocho ndi cha lamba wa latitude, ndipo J ndi woyambira pa 24° kulekeza pa 32° kum'mwera. Ku Lilongwe ndi Blantyre imalemba 36L. Mu QGIS, S wa mu 35S amatanthauza theka la kum'mwera la dziko lapansi, koma mu pulogalamu yofunsa lamba, S ndi dera la kumpoto kwa ikweta. Chachiwiri n'cha amene amanyamula GPS ya kuntchito popita kutchuthi kukayang'ana puloti yawo kumudzi: mapu akale a ku Malawi ali pa datum ya Arc 1950, ndipo GPS yosiyidwa pa WGS84 idzasemphana nawo ndi mamita pafupifupi 300 kumpoto ndi kum'mwera. Ndi vuto lomwe lija la Cape Datum.

Pamene tepi imakanirana ndi manambala

Apa ndi pamene Lo imaposa UTM moonekeratu, ndiponso pamene mikangano yambiri ya pasaiti imayambira. Saveya wakhoma zikhomo ziwiri, manambala akuti zatalikirana mamita 100.000, koma tepi ikuti 100.016. Palibe wolakwa. Pali zinthu ziwiri zimene zikukoka.

Choyamba ndi gridi yomwe. Mukamatalikira mzere wapakati, gridi imatanula mitunda. Pa Lo29 m'tauni, makilomita 95 kuchokera pamzerewo, imawonjezera masentimita 11 pa kilomita iliyonse. UTM imayamba yachepetsa dala: pamzere wapakati imachulukitsa mtunda ndi 0.9996, kutanthauza kuchotsa masentimita 40 pa kilomita, ndipo pofika m'tauni muno imakhala ikuchotsabe masentimita 26.

Chachiwiri ndi kukwera kwa malo. Manambala a gridi amawerengedwa ngati kuti zonse zatsitsidwa kufika pafupi ndi mulingo wa nyanja, pamene Johannesburg ili mamita pafupifupi 1 750 pamwamba. Kukwera kumeneku kumatalikitsa kilomita iliyonse ya pansi pano ndi masentimita 27 kuposa ya kumunsiko. Ku Durban nkhani imeneyi ndi yongonyalanyaza, kuno ayi.

Ziwirizi zikaphatikizana, pa Lo29 mtunda wa pagridi umafupika ndi masentimita 16 pa kilomita poyerekeza ndi wa tepi. Pa UTM ndi masentimita oposa 50. Pa mpanda wa mamita 100, ndiye sentimita ndi theka pa Lo, masentimita 5 pa UTM. Womanga mpanda wa njerwa sentimita ndi theka saimva. Woimika nyumba yazitsulo, imene mabawuti ake anakwiriridwa kale mu konkire ndipo zitsulo zake zinaboolekeratu kufakitale, masentimita 5 amamuimitsa ntchito. Musaganizenso kuti masentimita 16 ndi a mzinda wonse. Kum'mawa, cha ku Springs, kumene kwayandikira mzere wapakati wa Lo29, kutanula kwa gridi kumachepa, kukwera kwa malo n'kutsala kukukoka kokha, ndiye kusiyana kumakula kupitirira masentimita 20.

Makina oyezera ali ndi polowetsa nambala yokonzera zimenezi. Ikasiyidwa pa 1.000000 pamene manambala ali a gridi, kapena ikasiyidwa pa nambala ya saiti ya dzulo, zophonya zimakula mukamatalikira pamene paimikidwa makinawo. Kumeneko ndiko kuzindikira kwake.

Gridi ya pasaiti

Chifukwa cha zimenezi, mainjiniya a nyumba zikuluzikulu amakonda kupanga gridi yawoyawo. Amasankha chikhomo chimodzi, n'kuchipatsa manambala osavuta monga 1 000 ndi 5 000, mizere n'kuiyendetsa motsata makoma a nyumbayo, mita ya pagridi n'kukhala mita ya tepi. Poimika zipilala palibe yoposa iyi. Kufooka kwake ndi kwakuti imathera pampanda wa saiti. Paipi ya zonyansa ikamakalumikizidwa ku ya khonsolo, kapena khoma likamayandikira malire a puloti, pamafunika manambala a Lo. Choncho zikhomo zosachepera zitatu, makamaka zinayi zozungulira saiti yonse, zikhale ndi manambala a mbali zonse ziwiri, zikwiriridwe mu konkire kutali ndi podutsa magalimoto, ndipo masamu osinthira alembedwe papulani. Zikangokhala mu kompyuta ya munthu mmodzi, tsiku limene wasiya ntchito gridiyo yapita naye.

Zina zongofikira

Plus Codes za Google ndi what3words zimathandiza kumalo opanda manambala a nyumba. Plus Code ya zilembo 10 imaloza kabwalo ka mamita pafupifupi 14, what3words ka mamita 3. Ndi maadiresi, si zoyezera. Web Mercator, EPSG 3857, imene imayala mapu a pa intaneti, imatanula mitunda kuno ndi 11 pa 100 aliwonse, ndiye mu QGIS musawerengere mtunda pa manambala ake.

Mayina a mapu a boma a 1:50 000 nawonso amanena malo. 2628 ndi bwalo la digiri imodzi limene ngodya yake ya kumpoto chakumadzulo ili pa 26° kum'mwera ndi 28° kum'mawa. Bwalolo limagawidwa panayi, A ndi B pamwamba, C ndi D pansi, kenako gawo lililonse panayinso. 2628AA ndi Johannesburg, 2627BB ndi Roodepoort. Manambala awiri omalizawo amakuuzaniratu chigawo: 26 kapena 27 ndi Lo27, 28 kapena 29 ndi Lo29.

Tisankhe iti, ndipo titsimikize bwanji

Maganizo athu ndi awa. Chilichonse chokhudza malire a puloti, khonsolo, msewu kapena mapaipi chikhale pa Hartebeesthoek94, Lo27 kapena Lo29 malinga ndi mbali ya 28° imene muli. Mapu a dera lalikulu, UTM 35. Zitsulo ndi zipilala, gridi ya pasaiti yomangiriridwa ku Lo. Kutumiza munthu, latitude ndi longitude za manambala asanu pambuyo pa kadontho. Cape Datum musayambirepo ntchito yatsopano, ingokhala yowerengera mapepala akale.

Za malire tiwonjezerepo chimodzi. Lamulo la Land Survey Act la 1997 limapereka ntchito yoika ndi kubwezeretsa mabikoni a malire kwa saveya wa malo wovomerezeka, wolembedwa ku South African Geomatics Council. Bikoni ya puloti nthawi zambiri ndi kachitsulo ka mamilimita 12 kokhomedwa pansi, kosavuta kuzula ndi piki osadziwa. Kakazuka, kukabwezera ndi foni kapena ndi diso n'kuitana mlandu. Uzani kapitawo.

Musanakhome chikhomo choyamba, yesani manambala anu pamalo odziwika. Dzikoli lili ndi mabikoni a boma pafupifupi 29 000, zipilala zoyera za konkire zokhala ndi chitsulo chakuda pamwamba, zimene mumaziona pazitunda ndi pamwamba pa nyumba zina zazitali. M'matauni mulinso zizindikiro zokwiriridwa m'misewu pansi pa kachivindikiro kachitsulo, nthawi zambiri pamphambano. Manambala ake ali ku NGI. Amene ali ndi makina a GNSS, oyezera malo pogwiritsa ntchito masetilaiti, atha kulumikiza ku TrigNet, masiteshoni a NGI amene amatumiza zokonzera kwaulere kudzera pa intaneti kwa amene walembetsa, ndipo zikayenda bwino amafika pa masentimita ochepa. Imikani makina pachizindikirocho, werengani, yerekezani ndi zolembedwa. Kukula kwa kusiyana kumaulula gwero lake.

Makilomita pafupifupi 200 kum'mawa kapena kumadzulo ndi chigawo cholakwika kapena chizindikiro cha Y. Mamita pafupifupi 300 pa X ndi Cape Datum. Ngati mukuyerekeza latitude ndi longitude, vuto lomweli limaoneka laling'ono, mamita 60 kapena 70, ndipo ambiri amaliponyera pa kufooka kwa GPS. Kusiyana kopitirira theka la mita koma kosafika mita, kofanana pa zizindikiro zonse ndipo kolozera kumpoto chakum'mawa, n'kutheka kuti makina akupereka WGS84 ya lero: Africa imasuntha masentimita oposa 2 pachaka, pamene Hartebeesthoek94 inaimitsidwa pa 1994. Kampasi isakusokonezeni poyang'ana kolowera mizere, chifukwa kuno singano yake imapatukira kumadzulo ndi madigiri pafupifupi 20.

Kutalika kwa malo kuli ndi muyeso wakewake, wosiyana ndi Y ndi X. Mapulani amalemba kukwera kuchokera pa mulingo wa nyanja, pamene GNSS payokha imawerenga kuchokera pa muyeso wa dziko wa WGS84, ndipo kuno ziwirizi zimasiyana ndi mamita oposa 20. Makina amafunika fayilo yokonzera kusiyanako, monga SAGEOID10 ya NGI. Ngakhale ili momo, pa ngalande ndi mapaipi a zonyansa amene amadalira kutsetsereka kwa masentimita ochepa, kutalika kutengedwe ndi levulo, makina oyezera kukwera kwa malo, kuchokera pa chizindikiro chimene injiniya watchula papulani, ndipo muyeze kupita ndi kubwerera mpaka manambala atsekane.